Ndodo ya Munemo

Tete Shorai, mlongo wake wa malemu Munemo, anali atayamba kale kugawa zovala za malemuwo pamene Tonderai analowa pabwalo ndi nsapato zake zaupolisi. Anthu onse anayang'ana kumbali. Ngakhale Mai Chenesai, amene tsiku loyika maliro lomwe sanatseke pakamwa, anayamba kukonza duku lomwe linali bwinobwino.

Tonderai ndiye anali mwana woyamba wa malemu Munemo, choncho ndodo ndi dzina zinali zake. Koma ndani sankadziwa kuti awiriwo anasiya kudyera mbale imodzi chiyambireni iye ntchito ya azungu? Ena amati ankakumana panjira nkupatsana moni ngati akuchipongozi.

Mphasa anamuyalira, koma sanakhale. Anati bwana wa boma ali m'njira ndi mzungu wina wakutsidya kwa nyanja, wotolera mitu ya mafumu amene anamenyana ndi azungu pankhondo yakale ija. Akufuna mutu wa mfumu Chirimuuta. Mudzi wonse unkadziwa kuti Munemo anali m'gulu lomwe linabisa mtembo wa mfumuyo, ndipo anzake onse anatsogola kalekale. Bwana wanena kuti akapanda kuonetsedwa malowo, mudzi ukusamutsidwira kumchenga, ng'ombe nkutsala kuno.

"Mutu wa munthu akaphikira chiyani?" anafunsa Tete.

"Musaseke, Tete. Ana anga adzadya mchenga? Bambo anakuuzani, ndikudziwa. Wakufa samva njala."

Amalume ena anayesa kunena kuti nkhani zotere zidikire misozi iume, koma palibe anawayang'ana. Mayi a Tonderai anangolowa m'nyumba nkutseka chitseko, chinthu chomwe namfedwa sachita anthu ali pabwalo.

Tete anatola ndodo ija pamphasa. Inali yakuda, pogwira pake posalala ngati mwala wamumtsinje.

"Bwana wapolisi, iyi ukuifuna, kapena chibonga cha azungu chakukwana?"

Tonderai anagwada, naomba m'manja, nkulandira. Akulu anamutchula dzina la bambo ake monga mwambo umanenera, koma mawu ankatuluka ngati akuwakoka ndi chingwe. Wolandira ndodo sabisidwa kanthu ka pamtundu, ndiye tonse tinkayembekezera kuti Tete amutengera kuseri kwa nkhokwe. Ayi ndithu. Anayankhula pomwepo, osakweza mawu, kuti mnyamatayo akatsogolera alendo aliyense adziwe chimene wachita.

"Pamene pali mfumu unapaona kale, tsiku lomwe unanyamula nawo bokosi la maliro. Ili pansi pa bambo ako."

Anafotokoza kuti Munemo, atamva kuti thupi layamba kumukana, anakwera yekha kuphiri kukasankha pogona. Anauza okumba kuti akadzagunda mwala wafulati asiyire pomwepo, asautembenuze. Okumba aja analipo pabwalopo, ndipo mmodzi anayang'ana manja ake ngati si ake.

"Anati wofuna mutu wa Chirimuuta ayambe wafukula ine," anatero Tete. "Ndipo khasu loyamba aponye mwana wanga, poti ndiye amadziwa chizungu."

Mkazi wa Tonderai anayamba kunong'ona kuti apongozi awo anali munthu wouma mtima, mpaka m'manda kutcherabe ana misampha. Mai Chenesai akuti anamva zonse, nkumuponda phazi.

Dzuwa litapendeka, fumbi linaoneka kumsewu. Agalu anathawira pansi pa nkhokwe. Tonderai anayang'ana kuphiri, komwe dothi lofiira linali lisanaume, kenako anayenda kukachingamira galimoto ndodo ili m'manja.

Zomwe anakambirana sitinamve. Tinangoona bwana akutulutsa mutu pawindo, Tonderai ataima njo. Anakweza ndodo ija pang'onopang'ono, nkuloza phiri lina lakutsidya kwa mtsinje.

Tete anapukusa mutu.

"Phiri lomwelo bambo ake anawalozera kale azungu," anatero chapansipansi. "Anakumba mpaka mvula inawapeza."

Palibe anaseka. Bwana anali akuyang'anabe ndodoyo.