Juzi ya Mkono Wautali Pakhoma la Kalasi

Ana ankawatchula kuti Madamu a Mapu, chifukwa dziko lonse ankalidziwa ndi mitsinje yake yomwe, koma papepala. Basi yotuluka m'tauniyo anali asanaikwere kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Akanapita kuti? Amuna awo anapita kunja kukagwira ntchito, ndipo anasiya mawu: osasamuka, osasintha sukulu, osasintha nambala ya foni, tikiti ibwera. Chaka chilichonse tikitiyo inkabwera chaka chamawa.

Kenaka kusukulu kunafika makina, laputopu ndi pulojekita yoonetsa zithunzi pakhoma. Ndi zimenezi kalasi inkatha kuyenda m'misewu ya mizinda yakutali, yomwe galimoto ya kamera padenga inajambula kalekale. Ahedi anasangalala ngati agula ndege. Maulendo enieni anawathetsa tsiku lomwelo. Makinawo ankawatsekera mu ofesi mwawo, n'kumawatulutsa belu likalira basi, moti mphunzitsi sankakhala ndi mpata woona yekha kaye komwe akupita ndi ana.

Ulendo wake unali wotere: mawindo onse kutchinga ndi mabulangete, chitseko kutseka, chifukwa kuwala kukangolowa chithunzi chimazimirira. Ana makumi asanu m'kachipinda kamdima, thukuta kamukamu, fungo la masokosi. Kuti uone dziko lonse unkayamba watsekeredwa.

Lachitatu lina kunabwera bambo woyendera masukulu kudzaona zodabwitsazi. Loko wa chitseko anali wothyoka, ndiye ahedi anakoka mpando n'kukhala chotsamira chitsekocho kuti chisatseguke. Mlendoyo anakhala kumbuyo, kope pamwendo.

Mutu wa phunziro unali moyo wa m'mizinda ikuluikulu. Msewu uliwonse ukanatha kugwira ntchito, koma Madamu analemba adiresi yomwe inali kuseri kwa emvulopu yakale yochokera kwa amuna awo, yomwe ankaisunga m'chikwama mwawo. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kuona khomo lomwe adzalowere, ndi kukula kwa mawindo, poti makatani anali atasoka kale.

"Gwirani mipando, tanyamuka!" anatero Madamu, ana n'kuseka.

Khoma linasanduka msewu. Nyumba zosanja, mitengo yodulidwa bwino, galimoto zoima m'mbali. Ana ankawerenga manambala a nyumba mokweza pamene Madamu ankadina kamuvi kopitira kutsogolo.

Pakhomo la nambala yawoyo panali anthu atatu. Nkhope zawo zinali zofufutidwa, monga amachitira ojambulawo ndi aliyense wopezeka pamsewu. Koma juzi safufuta. Inali yobiriwira, mkono wakumanzere wautali kuposa unzake, wopindidwa kawiri. Madamu anailuka okha akuphunzira kumene kuluka, ndipo amuna awo anaseka mpaka misozi tsiku lomwe anaivala. Tsopano pamapewa a juziyo panakhala kamwana, timiyendo lendelende. Mkono wautali uja unagwiridwa ndi mayi wina, kugwira kwa munthu wozolowera.

Pakona ya chithunzi panali chaka chomwe anajambula. Chinali chaka chomwe amuna awo ankadandaula pa foni kuti akugona asanu m'chipinda chimodzi, poti mkazi angafikire palibe.

Madamu anadina kamuvi kuti adutse. Palibe chinasuntha. Anadinanso, nadinanso. Pakati pa khoma panangotuluka kamkombero kozungulirazungulira.

"Netiweki yathawa, Madamu!" anakuwa ana, omwe zimenezi ankazidziwa bwino.

Madamu anayang'ana kuchitseko. Ahedi anali phee pampando wawo, maso akuwauza kuti musandichititse manyazi pamaso pa mlendo. Mawindo anali mabulangete okhaokha. Madamu analakalaka magetsi atangozima.

"Musade nkhawa, mayi," anatero woyendera masukulu uja mwaulemu. "Mphunzitsi wabwino amagwiritsa ntchito chomwe chilipo. Chithunzi ndi ichi chaima bwinobwino. Afunseni ana zomwe akuona."

Madamu anatembenukira kwa ana. "Mukuona chiyani, ana inu?"

Manja anakwera m'mwamba.

"Ndikuona bambo wanyamula mwana wake!"

"Ndikuona mayi wavala nsapato zazitali!"

"Juzi yawoyo telala wake anali ndi tulo!" anatero wina kumbuyo, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Ngakhale ahedi anagwira pakamwa.

"Ndikuona banja losangalala," anatero mtsikana wa kutsogolo, yemwe anzake ankamutcha Kafunsefunse.

Mlendoyo anagwedeza mutu. "Chiganizo chabwino kwambiri. Chilembeni pabolodi, mayi, ena akopere."

Bolodi linali pambali pomwepo pa chithunzicho. Kuti alifikire, Madamu anadutsa m'kuwala kwa pulojekita, ndipo kwa kanthawi juzi yobiriwira ija inagwera pachifuwa pawo. Anatola choko. Zaka zambiri za ntchito zinalemba zokha, zilembo zoongoka bwino: Ndikuona banja losangalala. Kumbuyo kwawo mapensulo makumi asanu anayamba kukwalakwata m'makope. Zinawawawa kwambiri, kuposa tsiku lomwe anaperekeza amuna awo kokwerera basi, chifukwa tsiku lija anali ndi choyembekezera.

Kafunsefunse anakwezanso dzanja.

"Madamu, ifeyo tikuwaona anthuwa. Nanga iwowo akutiona?"

Madamu anatembenuka n'kuyang'ana nkhope yofufutidwa ija, choko chikadali m'manja.

"Ayi, mwanawe," anatero. "Sationa. Sakumbuka n'komwe kuti kuno kuli anthu."

Mlendo analemba kenakake m'kope mwake, akumwetulira. Ahedi anasuzumira pa wotchi n'kukhazikika bwino pachitseko paja. Belu linali litatsala ndi mphindi khumi ndi zisanu.