Mafuta Ofiira a Lole ya Paston

A Nasoro ali ndi ngongole kunyumba kwanga, ndipo akuidziwa. Si ya ndalama. Bambo awo atamwalira ku Ndirande, Asilamu anzawo anati maliro asagone, akaikidwe tsiku lomwelo kwawo ku Chiradzulu. Anapereka galimoto ndani? Mwana wanga Paston. Anatsitsa njerwa za eni ake m'mbali mwa msewu n'kunyamula maliro, petulo wake yemwe.

Lero Paston ali m'ndende ku Kanjedza, kuseri kwa waya. Anamutenga ndi anzake a Kongeresi chifukwa chokana Chitaganya. Anandisiyira mkazi, ana ndi lole. Loleyo anagula kwa mzungu wa mishoni amene ankabwerera kwawo ku Amereka. Ilibe kilachi, magiya imasintha yokha, ndipo imamwa mafuta akeake, ofiira ngati magazi. Mafutawo ndi amene anayamba kudontha pabwalo panga.

Timadyera kunyamula njerwa. A Kingsford, amene akumanga nyumba ku Soche, anandiuza mosabisa: "Mayi, Lolemba njerwa zikapanda kufika, ndipeza lole ina. Amisiri sangakhale akuwothera dzuwa."

Ndinaitana Yona, mlamu wake wa Paston, ayendetse. Tinapita ku Ginnery Corner kumene a Nasoro amakonzera magalimoto pansi pa mtengo wa mango.

"Amake Paston, mwadzuka bwanji?"

"Ndikanadzuka bwino simukanandiona. Lowani pansipo."

Analowa. Atatuluka anapukuta manja nthawi yaitali.

"Iyi ndi giyabokosi ya mfiti, mayi. Ine ndinaphunzira za Angerezi."

"Chitsulo n'chitsulo. Ku Chiradzulu inakufikitsani mfiti yomweyi."

Anatenga sipanala.

Anamasula chibeseni chapansi pa giyabokosi. Gasiketi, kanthu kopyapyala kotseka pakati pa zitsulo, inali itaphwanyika ngati mbatata yowuma. Imeneyo sinawavute. Anatenga pepala lokhuthala, kuliyala pachitsulo, n'kumagogoda ndi kahamala m'mbali monse mpaka linadulika lokha, ndi mabowo omwe. Ndinati basi tathana nazo.

"Ayi mayi, chodontha kwambiri ndi silo yakutsogolo. Kamphira kozungulira. Kafa."

Ndinakwera basi kupita ku Limbe, kamphirako nditakamanga pansonga ya chitenje. Ndinalowa sitolo ndi sitolo. Wina anakatembenuza, wina anakanunkhiza. Mmwenye womaliza anati aitanitsa ku Halale, kafika mvula ikamayamba.

"Mvula ikamayamba ana adya mphirayo?" ndinamufunsa. Anaseka. Ine sindinaseke. Pa chitini cha mafuta ofiira ndinalimbana naye mpaka anatsitsa mtengo pofuna kuti ndichoke pakhomo pake.

A Nasoro anati palibe kuchitira mwina, apanga monga amapangira malole akale. Anakatenga chikopa kwa wosoka nsapato, anachidula mozungulira, anachiviika m'mafuta. Iwo ndi Yona anatsitsa giyabokosi yonse ndi zingwe, kuika chikopacho, kuikwezanso, thukuta kamukamu. Atailiza, pansi panali pouma. Ndinagwada ndekha kusuzumira. Pouma.

Lolemba tinapakira njerwa ku uvuni ku Ndirande. Ndinakhala kutsogolo, chifukwa Yona ukamusiya yekha amaima paliponse pamene pali kachasu. Tinadutsa Ginnery Corner bwinobwino, a Nasoro anatibayibitsa. Pachitunda cha ku Chichiri ndinamva fungo la chinthu chopserera. Kenaka injini inakuwa ngati ng'ombe yophedwa, koma lole osayenda. Inayamba kubwerera m'mbuyo.

"Ika giya, iwe!"

"Mayi, giya yake iti? Imaika yokha!"

Anaponda buleki, anthu anathamanga ndi miyala kuika kumatayala. Mafuta onse anali mumsewu, mzere wofiira kutsetsereka. Anthuwo anati tikankhe ilira. Ndinawauza kuti kulira ikulira kale, ali ndi makutu? Anakankhabe. Njerwa zokhazokha, pachitunda. Anasiya mmodzimmodzi.

A Kingsford anadutsa pa njinga. Anaima, anayang'ana msewu, anayang'ana ine.

"Mawa m'mawa, mayi. Kupitirira apo musandidandaule."

Ndinatsika wapansi mpaka pamtengo wa mango uja.

"A Nasoro, chikopa chanu chapsa. Nyamulani zitsulo."

"Ndinaona mzere wa mafuta, mayi. Ikayenda yopanda mafuta, zam'kati zimapsa nazo. M'katimo sindinalowemo chibadwire. Amene amadziwa ndi Paston."

"Ndiye ndikagogode ku Kanjedza? Nditi bwana, ndibwerekeni mwana wanga akonze lole, madzulo ndimubweza?"

"Sindinatero."

"Tsegulani muone. Mukalephera, mulephere manja ali akuda."

"Ndikatsegula sindibwezeretsa. Paston adzapeza zitsulo m'thumba."

Ndinakhala pansi pafumbi.

"Bambo anu tinawanyamula, a Nasoro."

Anavula kofia, anaiyang'ana m'kati, anaivalanso.

"Munawanyamula, sindikana. Maliro amabwezedwa ndi maliro, amake Paston. Mulungu atalikitse, koma tsiku limenelo mudzanditume, ndidzapeza galimoto ngakhale yobwereka. Giyabokosi iyo sindiigwiranso."