Mpando Wakumbuyo

Ine ndi Taisiya tinali panja tikupuntha kapeti pa chipale chofewa pamene mayi wa makalata analowa pa geti. Kalata anaitulutsa m'kati mwa jekete, mmene anaibisa kuti isanyowe.

"Amayi Taisiya, yanu iyi. Yayenda ulendo, mpaka sitampu yatopa."

Taisiya anawerenga ali chiimire. Kenako anakhala pa benchi osasasa n'komwe chipale chimene chinali pamenepo.

"Anfisa, Rimma akumwalira."

Taisiya yemweyu, chaka chilichonse mwezi wa Meyi, ankavala mamendulo ake n'kukauza ana asukulu kuti Rimma anafa mu 1943.

Pankhondo tinali atatu pa ndege imodzi, kandege kamatabwa ndi nsalu koponya mabomba. Rimma ankayendetsa, atakhala kutsogolo. Taisiya ankakhala kumbuyo, mapu ali pamaondo, n'kumamuuza njira kudzera m'kapaipi ka labala. Ine ndinali makaniko. Ndinkatsala pansi n'kumawerenga ndege zobwerera, milomo ikupemphera mobisa.

Tsiku lina yathu sinabwerere. Patapita masiku atatu Taisiya anafika yekha, chokwawa, nsidze zitapsa. Anauza mkulu wa asilikali kuti ndege inagwa kuseri kwa adani ndipo Rimma anamusiya atafa. Zinalembedwa choncho, ndipo anamupatsa mendulo.

Nkhondo itatha, Rimma anatulukira kuchokera kundende ya Ajeremani, nkhope itapsa mbali imodzi. Masiku amenewo wogwidwa ndi adani ankafunsidwa kuti anagwidwa bwanji, ndipo analekeranji kufa. Rimma analembera Taisiya kumupempha mizere itatu yokha: achitire umboni kuti anamusiya atakomoka, kuti sanakweze manja kudzipereka. Koma kulemba zimenezo kunali kuvomera kuti anathawa mnzake wamoyo n'kunama. Taisiya sanayankhe. Rimma analandidwa mamendulo, ndege sanaikwerenso, ndipo anakathera kumudzi wina kuseri kwa mapiri a Ural, kukama ng'ombe.

Kalata yopemphayo ine ndinaiona mu 1946, m'chitini cha mabatani, titangoyamba kukhala nyumba imodzi. Ndinaibwezera momwemo. Rimma ndinamupempherera zaka zonsezi, koma pakamwa ndinatseka. Taisiya si munthu woipa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu wakhala akuika nsapato zanga pafupi ndi mbaula kuti ndizizipeza zofunda.

Kalata yatsopanoyi inalembedwa ndi namwino wa chipatala cha kumudziko. Inati Rimma saonanso, amamva movutika, ndipo Pasaka sangamufike. Inatinso amafunsafunsa ngati wa kumpando wakumbuyo akadali moyo.

"Ndipita kukatani?" anatero Taisiya titalowa kukhitchini. "Kukamulizira mamendulo?"

"Ukamuonetse nkhope."

"Saona. Sunamve?"

"Ndiye akamve mawu ako. Ndi omwe ankawadziwa."

"Iwe nawe, ndi timapemphero tako. Ukudziwa chiyani?"

"Ndikudziwa chitini cha mabatani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatuluka kukatenga kapeti tinaiiwala panja ija, n'kuikulunga yekha.

Tinayenda masiku awiri pa sitima. Taisiya sanadye kanthu. Mayi wotigawira tiyi ataona zimenezo anamubweretsera wina wotentha osafunsidwa, n'kuchotsa wozizirayo mwakachetechete. Titayandikira mapiri, Taisiya ananyamula chikwama chake pa siteshoni ina n'kukaima pakhomo. Sindinamutsatire. Ndinangoyang'ana zala zanga n'kumatchula dzina la Ambuye. Sitima itanyamuka anabwera kudzakhala pansi.

"Ndimafuna mpweya," anatero.

"Eya."

Tinafika Lamlungu masana, lomaliza Lenti isanayambe, tsiku limene okhulupirira amapemphana chikhululuko. Chipatalacho chinali chamatabwa, chonunkha supu wa kabichi. M'chipinda cha amayi munali mabedi asanu ndi atatu. Gogo wina wa pakona ankagwira dzanja la aliyense wodutsa n'kunong'ona kuti, "Ndikhululukire," ndipo ngakhale namwino, amene anali ndi baji ya chipani chokana Mulungu pachifuwa, anamuyankha motsitsa kuti, "Mulungu akhululuka, agogo."

Rimma anali pafupi ndi windo, atatha ngati mwana. Mayi wa bedi loyandikana naye ankamupalira apulo ndi supuni n'kumamudyetsa.

"Alendo ako, woulutsa ndege," anatero mayiyo mokweza, kenako n'kutitsinzinira diso. "Amatiuza kuti ankaulutsa ndege pankhondo. Timangoti eya, tizitani. Ife timamudziwa ndi chidebe cha mkaka."

Wina anaseka chapansipansi. Taisiya anaima kumapazi kwa bedi atagwira chitsulo.

Ndinagwira dzanja la Rimma. Iye anapapasa langa kufikira pa chala chimene injini inandidula.

"Fisa! Chala chija sichinaphukebe?"

"Ndikudikirabe," ndinakuwa m'khutu mwake.

"Wakalamba, manja ngati khungwa. Wabwera wekha?"

"Ndabwera naye."

Mbali yopsa ya nkhope ya Rimma sinkasuntha, ndiye zinali zovuta kudziwa zimene ankaganiza.

"Ndiye mwafika bwanji osasochera?" anatero. "Zaka makumi atatu kufunafuna mudzi umodzi! Ndinkanena ine kuti mapu amawagwira chadodolido. Tasya, uli kuti? Usaime kutsogolo, sindinazolowere. Bwera kumbuyo kuno."

Namwino anakankha bedi pang'ono kuchoka kukhoma, n'kuika kampando kumutu. Taisiya anakhala pamenepo, kuseri kwa mutu wa imvi uja, monga kale.

"Ng'ombe n'zabwino, ukudziwa," anapitiriza Rimma, akupumira m'mwamba. "Sizifunsa kuti unagwidwa bwanji. Koma ndege ikadutsa ndinkataya mkaka. Mpaka anandipatsa dzina, Mayang'anakumwamba."

"N'zoona zimenezo," anatero mayi wa apulo uja. "Chidebe chathunthu, pansi!"

Taisiya anawerama n'kunong'ona kanthu. Ine ndinali pafupi, koma sindinamve.

"Ati chiyani?" anafunsa Rimma.

Taisiya anabwereza, mokweza pang'ono. Ndinangomva mawu akuti "tsiku lija".

"Sindikumva. M'kapaipi muja unkang'ung'udza chomwechi, ine n'kumakhotera kwina. Kweza mawu, mtsikana iwe, injini ikusokosera."

Taisiya anadzutsa mutu. Amayi onse asanu ndi awiri anali kumuyang'ana, namwino ali pakhomo ndi beseni m'manja. Anayang'ananso ine. Ndikanatha kupempha namwino kuti atchinge ndi nsalu, kapena kuti atipatse kachipinda kena. Sindinatero. Ndinakhala chete kachiwiri, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko kunali kumuthandiza.

Taisiya anaimirira. Mawu amene anatuluka anali aja ankaphunzitsira masamu m'kalasi ya ana makumi anayi.

"Amayi inu, uyu sanama. Anali woyendetsa ndege wathu, ndipo anauluka maulendo mazana anayi ndi ine kumbuyo kwake. Ndege itagwa, ndinaika dzanja pakhosi pake. Anali kupuma. Ndinamva agalu a adani, ndinathawa, n'kukanena kuti wafa. Atabwerako anandipempha mizere itatu, ine ndinamumana."

Supuni ija inagwera pansi. Palibe anaitola.

Taisiya anagwada movutika, maondo akulira, n'kuika pakamwa pake pafupi ndi khutu lopsalo. Koma mawu sanawatsitse.

"Rimma, ukundimva tsopano? Ndinakusiya wamoyo, ndipo ndinakusiya kawiri. Ndikhululukire, mnzanga. Chifukwa cha Khristu, ndikhululukire."