Dzimbiri la Makobidi a Bambo Fenwick

Mwini sitolo anatenga khobidi limodzi, naliimika cham'mbali pansi pa kagalasi kake kokulitsa zinthu. Analitembenuza uku ndi uku, Zelipa akuyang'ana; kunja kunali kuzizira kwa mu Febuluwale.

Kusitolo ya ndalama zakale imeneyi, mumsewu wa Yonge, Zelipa anabwera poperekeza Doreen, mwana wa Bambo Fenwick, nkhalamba imene Zelipayo ankaisamala kudera la North York kuyambira 1974. Nkhalambayo inali itafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mawu ake sankamvekanso. Doreen ankafuna kudziwa mtengo wa makobidi amene bambo ake anasunga m'kachitini ka fodya chiyambire nthawi ya nkhondo.

"Awa ndi a masenti asanu, a 1944 ndi 1945," anatero mwini sitoloyo. "Zaka zimenezo ankawapanga ndi chitsulo chokutidwa pamwamba ndi pansi pokha. M'mphepete munkatsala chitsulo chosakutidwa, n'chifukwa chake amagwira dzimbiri m'mbalimu. Tsono taonani awa."

Doreen anasuzumira m'kagalasimo. "Akuwala paliponse."

"Wina wawakuta kachiwiri, ndipo si kale ayi. Onani nkhope ya mfumu ili pakhobidipa, tsitsi lafufutika. Akanakhala osakhudzidwa tikanakambirana mtengo. Awa mukangogulira nyuzipepala."

"Mu Disembala ndinawaona ndi maso angawa, anali otuwa," anatero Doreen. "Ndiye ndi omwe aja, kapena wina anachotsa abwino n'kuikamo awa?"

"Zimenezo sindingadziwe, mayi. Chokutiracho chakwirira zonse."

Doreen anatembenuka pang'onopang'ono. "Zelipa, bambo ali kuchipatala mwezi watha, kachitini aka kanali kuti?"

"Kanali kwathu. Munandiuza nokha kuti ndikasunge, poti m'nyumba munali anthu opaka penti."

"Inde, ndinakuuzani. Tidzakambirana mawa m'mawa."

M'sitima yapansi panthaka Zelipa anakhala atafumbata chikwama ngati kuti wina amulanda. Ankachita mantha. Ntchito yosamala okalamba imayendera mbiri. Mabanja amauzana okha kutchalitchi kuti uyu ndi wokhulupirika. Dzina la wakuba likangomumata, panalibenso khomo limene likanamutsegukira m'tauni yonseyo.

Koma iye kachitiniko sanakatsegule n'kamodzi komwe. Anakaika pansi pa zofunda m'kabati. Nanga ndani? Asanafike n'komwe pa siteshoni ya Eglinton anali atamupeza kale m'maganizo munthu wake: Tobias, mng'ono wa mwamuna wake. Ameneyu anabwera kudzakhala masabata awiri, ndipo uwu unali mwezi wachisanu akutenthetsa sofa. Chilichonse m'nyumba ankafunsa mtengo wake, ngakhale ketulo. Ndipo jekete yachikopa ija anaigula ndi chiyani?

Atafika kunyumba anam'peza pa sofa pomwepo, miyendo ili patebulo.

"Alamu, makobidi a nkhalamba ija munawagulitsa kuti?"

Tobias anatsitsa miyendo. "Makobidi ati, alamu?"

"Musandiyese mwana ine. Masana m'nyumba muno mumatsala ndani? Jekete iyo inagwa kumwamba?"

"Ha! Jekete iyi ndi yovalidwa kale, ndinagula madola anayi. Onani kukhwapaku, mphepo imalowa osagogoda."

"Mawa mukanena zimenezo kwa apolisi."

Mkangano uli mkati, chitseko chinatseguka. Analowa Medson, mwamuna wa Zelipa, akuchokera ku Brampton kufakitale yokuta mabampala a galimoto ndi kromu, mtundu wa chitsulo chonyezimira. Anamvetsera pang'ono, kenaka nkhope yake inawala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso.

"Oho, awaona? Anakondwa eti?"

Zelipa anamuyang'ana. "Anakondwa ndi chiyani, bambo a Selina?"

"Ndine ndinawasambitsa aja. Ndimafuna bulangete m'kabati, ndiye ndinaona kachitini. Kutsegula, dzimbiri m'mbali monse! Ndinati chinthu cha eni tikabweze chonchi? Adzati chinyezi cha m'nyumba mwathu ndiye chaononga. Kodi kwathu kuja mukabwereka mphika kwa aneba, mumabweza uli ndi mwaye? Si mumayamba mwaukwecha ndi mchenga? Ndinapita nawo kuntchito, nthawi ya lanchi n'kuwaviika muthanki. Foromani sanaone n'komwe. Ndimafuna ikhale sapulaizi."

Zelipa anakhala pansi, pakapeti penipeni. Mwamuna wakeyu anali munthu wopolisha ngakhale kunsi kwa nsapato. Anakhala naye zaka khumi ndi ziwiri, koma tsiku lonse maganizo ake sanapite kwa iye ngakhale pang'ono.

"Sapulaizi yafikadi, achimwene," anatero Tobias. "Ine ndatsala pang'ono kukagona m'chitokosi."

"Pepani, alamu," Zelipa anatero chapansipansi, manyazi atam'gwira. Kenaka anauza mwamuna wake zonse zimene ananena mwini sitolo, kuti kwa ogula ndalama zakale dzimbiri lija silinali litsiro, linali umboni woti chinthucho sichinakhudzidwe.

"Anthu ogula dzimbiri?" Medson anadabwa zenizeni. "Ndiye amisala."

"Amisala kapena ayi, mawa simupita kuntchito. Mukanena nokha."

M'mawa mwake Medson anavala suti yake yakutchalitchi. Anaimirira m'chipinda chochezera cha Bambo Fenwick, chipewa chili m'manja, nafotokoza zonse m'Chingerezi chake chaulemu: kabati, dzimbiri, thanki, mphika wa aneba. Nkhalamba inali pampando wake pafupi ndi zenera, ikuyang'ana uku ndi uku.

Doreen anamvetsera mpaka kumapeto osam'dula mawu.

"Nkhani yake ndi yodabwitsa moti mwina ndi yoona," anatero. "Ndikufuna kukukhulupirirani, Zelipa. Bambo anga mwawasamala bwino kuposa ine mwana wawo. Koma taganizani mukanakhala inu. Kachitini kanapita kwanu. Kabwera ndi makobidi amene ngakhale katswiri sangathe kuwazindikira, ndipo mwamuna wanu ndiye amagwira ntchito yokuta zitsulo. Ndidziwa bwanji?"

Zelipa anayang'ana kachitini kaja. Umboni wokhawo umene ukanamuyeretsa unali pansi pa kromu ya mwamuna wake.

"Kupolisi sindipita," Doreen anapitiriza. "Koma kiyi wa nyumba ino ndipatseni."

Zelipa anam'chotsa pakawaya ka makiyi ake. Atam'pereka anayang'ana nkhalamba ija, ndevu zoyera zitamera kale kuchibwano.

"Ndingowameta kaye, mayi. Sakonda kukhala chonchi."

"Siyani," anatero Doreen, maso ali pansi. "Ndiwameta ndekha."