Njerwa za Mtchona

A Fanuel anaviikanso chisanza m'phale n'kupaka njerwa ija kachitatu. Koma ayi ndithu, inakana. Inangoti mbuu, pomwe zam'munsi mwake zinali bii.

Khoma la nyumbayi analisiya lolekeza m'chiuno chaka chimene anapita ku Halale, ati kukasaka malata. Anatchona zaka khumi ndi zinayi, ngakhale kalata osalemba. Atabwerera kwa Nambuma, akazi awo a Enifa sanawapirikitse, komanso sanawalowetse m'nyumba. Anangowalozera chigafa cha fodya.

"Muzigona umo. Mukamaliza nyumba munaithawa ija, tidzakamba."

A Fanuel anaumba njerwa okha, anawotcha okha. Anzawo akale ena anali atafa, otsalawo ankangopereka moni osaima. Nkhuti yakale inali itasanduka dimba la eni ake, ndipo dothi latsopano linabala njerwa zotuwa. Pakhoma panatuluka mzere woonekera ngakhale uli kumsewu. Mzerewu unkawawawa a Fanuel, chifukwa aliyense wodutsa ankaona pomwe mwamuna anathawira.

Anayesa katondo. Anayesa mwaye wa kudenga. Atasakaniza ndowe ndi utomoni wa mlombwa, eee, njerwa zija zinayamba kumvera! Pofika masana theka la khoma linali litafanana.

A Enifa anawapeza pochokera kumunda, khasu lili paphewa.

"Kodi mukumanga nyumba kapena mukudzoza mwana mafuta?"

"Ndimati zifanane, mayi. Anthu asamaone pomwe ndinalekera."

"Anthu ake ati? Alipo m'mudzi muno amene sadziwa?" Anagogoda njerwa yam'munsi ndi mpini. "Izi zinada ndi mvula khumi ndi zinayi. Ine ndinkazidutsa tsiku lililonse popita kumadzi, mwana ali kumsana, anthu akundiseka. Inu mufuna muzipeze ndi ndowe za tsiku limodzi, eti?"

A Fanuel anagwidwa ndi manyazi ngati mwana wopezeka ndi dzanja mumphika.

"Madzi akatayika saoleka, bambo. Mzerewo ukhale. Mukaufufuta, ine m'nyumbamo sindilowa."

Atatero anapita. A Fanuel anakhala kanthawi akuyang'ana phale lija, kenako analivundikira pansi. Anakatunga madzi okha n'kuyamba kutsuka khoma, njerwa ndi njerwa, mpaka mzere uja unabwerera wonse. Palibe anawathandiza.

Dzuwa litapendeka anabwerera kuchigafa, manja ali ofiira. Mphasa yawo munalibe. Anaipeza itayedzamira khoma kunyumba kwa a Enifa, pakhonde, osati m'kati.