Phazi la Abrahamu

Lusayo anali pampando akutsitsa chithunzi pakhoma pamene bambo ake aang'ono, a Lamson, analowa.

"Alamu, mwana uja akadali panja."

 A Rosebell, amayi a Lusayo, anali pansi, atatambalala monga akhalira namfedwa. Masofa onse anali atatulutsidwa, pakuti ngakhale kuno kunja, ku Ellenbrook mumzinda wa Perth, nyumba ya siwa siikhala ndi mipando kapena zokongoletsa.

Mwana wonenedwayo anali Tionge, amene malemu a Fraser, amuna a Rosebell, anabereka ndi mkazi wina ku Kasungu ali kale pabanja. Anabwera ku Perth kudzaphunzira unamwino, ndipo a Rosebell analumbira kuti sadzaponda pakhomo pawo. Tsopano anali pageti, dzuwa likuswa mtengo.

"Akumpingo anyamuka kale ku Mirrabooka," anatero a Lamson. "Akamupeza pamsewu tiwauza chiyani?"

"Muwauze kuti achimwene anu anamubisa ali moyo. Ine ndimusenze iwo atagona kumotchale?"

"Magazi ndi amodzi, alamu. Atate ake aikidwe iye ali pamsewu?"

A Fraser anali munthu wosowa pomugwira. Mkati mwa sabata ankapenta magalimoto ku Malaga, Loweruka n'kudzitsekera m'galaja kukopera zithunzi za azungu akalekale: mitengo italiitali, zipilala zogumuka, thambo lagolide, dziko lokongola mopitirira muyezo, anthu a m'Baibulo ali pakona ngati nyerere. Chimene Lusayo ankatsitsachi ndicho ankachikonda. Ankachitsitsa kawirikawiri n'kukachikonzanso. A Rosebell ankangoti ndi Yosefe ndi Mariya akuthawira ku Iguputo, ndipo ankachipukuta mwaulemu.

"Mum, it's heavy, gwirani," anatero Lusayo, n'kuchitula pamiyendo pawo.

Kanali koyamba kuchiona pafupi chotero. Panalibe bulu, panalibe khanda. Panali mkazi atasenza madzi, akulowera kuchipululu ndi mwana, ndi nkhalamba itaima pakhomo. Anali Abrahamu akuchotsa Hagara. Koma mwanayo sanali Ismayeli. Anali kamtsikana kovala yunifomu yabuluu ya kupulaimale.

Mtima unawawawa koopsa. Zaka zonsezi akhala akupukuta fumbi pa mwana wa mkazi mnzawo, pabalaza pawo pomwe!

Chala chawo chinakhudza phazi la nkhalambayo. Penti inali itatundumuka pamenepo ngati chipsera, yopakidwa n'kufufutidwa kambirimbiri. Phazilo linali m'mwamba. Silinatsate mwana, silinabwerere m'nyumba.

"Wamantha," ananong'ona a Rosebell. Misozi imene inakana kutuluka kuchipatala inadontha pa thambo lagolide lija.

Kunja kunamveka zitseko za magalimoto ndi nyimbo ya maliro.

"Lusayo, kamuitane mlongo wako," anatero a Rosebell.

Tionge analowa atavala thalauzi la kuntchito, nagwada pakhomo. A Rosebell sanamuyang'ane. Anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kuchikankhira kwa iye, kenako chithunzi chija.

"Vala, ukhale apa. Ichi utenge ukamapita. Ndi pokhapo pamene atate ako anafika pokulondola."