Kuwonda kwa Phoebe

Zinayamba ndi photo imodzi basi. Phoebe anavina pa ukwati wa cousin wake ku Jenda, wina anamujambula atawerama, mbwenu mawa lake ali pa page ina ya miseche pa Facebook. Ma comments ake, eeh. Wina anafunsa kuti lorry ya chimanga yalowa bwanji mu holo. Wina akuti diresilo alipepese. Anthu oti sanakumane nawopo, kumutafuna ngati anawadyera mbuzi.

Ankawerenga ali mu saluni momwe amagwira ntchito pa Boma, dzanja lina pamutu pa customer, lina pa foni. Amadziwa kuti akudzibaya yekha, koma kusiya amalephera. Analeka chips, analeka mandasi, kenako analeka pafupifupi chilichonse. Anagula slimming tea kwa mtsikana wina wa pa status, tea yongomuthamangitsira ku toilet. Akaimirira, chizungulire. Customer akamuyankhulitsa, ukali. Koma ataponya photo yatsopano ma likes anagwa ngati mvula, ati glow up. Iye njala ili tho, kumayankha kuti yewo chomene.

Chibwenzi chake Lyford amagwira ntchito ku Joni, ndipo anali atatuma kale thenga, munthu wokamba za ukwati, kwa makolo a Phoebe. Atabwera pa holiday anamutenga ulendo wa ku Manyamula kukaonekera kwa ankhazi ake, aNyaShaba, mlongo wa bambo a Lyford. Mayi amenewa chaka chatha anamugwiragwira Phoebe mikono, kumuyamikira kuti uyu nde mkazi, thupi la munthu wosungidwa bwino.

Ulendo uno anamuyang'ana kuyambira kukhosi mpaka kumapazi, moni anachita kukoka. Phoebe atagwada ndi beseni la madzi anawamva akunong'oneza mnzawo kuti mwana uyu waghanda chomene, kuwonda kotere si kwabwino. Cup yomwe Phoebe anamwera anaiika payokha.

Anabwerera pa njinga yamoto mpaka pa Boma. Atatsika mpomwe Lyford anayamba kuzungulira nkhani. Akuti ankhazi amuuza thenga adikire kaye. Akuti kumudzi anthu akuyankhula. Akuti si nkhani yaikulu, Phoebe angopita kuchipatala akayezetse magazi, result aijambule, iyeyo aiponya pa group ya family kuti mitima ikhale pansi.

"Pa group?" anafunsa Phoebe.

"Babe, ndapota, ingopanga. Ukudziwa mmene alili akuluakulu."

Phoebe anamukumbutsa kuti nthawi imene amatukwanidwa pa page ija anamuimbira akulira, iye nkumuuza kuti ignore, komanso gym siluma. Lero wawonda, akuti akudwala. Ndipo ngakhale akanakhala kuti akudwaladi, cup yake nkuiika payokha ngati ya galu? Magazi ake akhale nkhani ya pa group, ma cousin a ku Cape Town aziika ma emoji?

"Iwe wakhala ku Joni zaka zonsezi, wakufunsa ndani result? Kuyezetsa tiye limodzi, ngakhale pano. Koma ya pa group iyambe yako."

Lyford anaseka kaseko kopanda mano, nkuyang'ana a kabaza omwe anali atasiya kuitanira anthu kuti amvetsere. Anati iye akuoneka bwinobwino, palibe akumukayikira, asapange drama pamsewu.

Phoebe anatulutsa foni nkuimbira bambo ake pomwepo, Lyford akumva. Anawauza mwaulemu kuti thenga wa kwa Shaba, kwawo kwa Lyford, akabweranso amupatse mpando ndi madzi akumwa, koma nkhani ya ukwati asaiyambe, mwini wake waikana.

Bambo ake anamufunsa ngati watsimikiza.

"Eya, adada. Ndatsimikiza."